Khadi logwirizira: mbiri ya ntchito ya lumo ndi cholembera

Masewera a makadi otchedwa Magic: The Gathering anayamba kuseweredwa asanafike n'komwe ku makina osindikizira. Richard Garfield, amene pa nthawiyo ankachita maphunziro apamwamba a masamu pa University of Pennsylvania ku Philadelphia, ankadula timapepala tolimba, kulembapo dzina la khadi ndi zimene khadilo limachita, n'kugawira anzake kuti ayesere. Zithunzi zake zinali zongotolatola, zina zochita kujambula pa fotokope kuchokera m'mabuku a nthabwala. Skaff Elias ndi anzake ena a pasukulupo ankachezera timapepala timeneti usiku, kukangana kuti ili lanyanya mphamvu, ili n'lofooka, mpaka malamulo anakhazikika. Makadi a kufakitale anabwera pambuyo, mu 1993, kampani ya Wizards of the Coast, imene anayambitsa Peter Adkison, itapereka ntchito yosindikiza kwa a Carta Mundi a mumzinda wa Turnhout ku Belgium.

Ndayambira pamenepa chifukwa masiku ano anthu ambiri akaona khadi lolembedwa pamanja patebulo amaliyang'ana ndi diso loipa, ngati katundu wakuba. Chonsecho khadi lolembedwa pamanja ndilo linayamba kukhalapo. Osewera amalitcha proxy. Ndi khadi logwirizira, limene limakhala m'malo mwa khadi lenileni pamene lenilenilo lawonongeka, lasowa, kapena lafika pamtengo woti munthu wamba sangaufikire. Ine ndakhala ndikupanga makadi otere, ndaseweranso ndi anthu a luso loposa langa, ndipo ndikuona kuti ntchito imeneyi ili ndi mbiri yoyenera kuidziwa.

Kwa amene sanawaonepo masewerawa, amayenda motere. Anthu awiri amakhala moyang'anana, aliyense ndi mulu wa makadi osachepera 60 amene wadzisankhira yekha pakati pa makadi zikwizikwi osiyanasiyana. Aliyense amayamba ndi mapointi 20 a moyo, ndipo cholinga n'kutha a mnzako. Makadiwo amagulitsidwa m'timapaketi tomata, moti wogula sadziwa chimene chili m'kati. Ena ndi ochuluka, ena ndi osowa. Si njuga, ngakhale kuti poyamba malamulo ankati aliyense aike khadi limodzi pakati kuti wopambana atenge. Mchitidwe umenewo unaletsedwa msanga m'mipikisano chifukwa unkafanana ndi kubetcha. Chimene chinatsala mpaka lero n'chakuti khadi limodzi lomwelo ndi chida chosewerera, komanso ndi katundu wamalonda. Khadi logwirizira linabadwa pa kukokana kwa zinthu ziwirizi.

Ulendo woyamba anasindikiza makadi pafupifupi 2.6 miliyoni, amene lero amadziwika ndi dzina loti Alpha. Atangoonekera ku chionetsero cha Gen Con ku Milwaukee mu Ogasiti 1993, anthu anawalimbirana ndipo anatha posakhalitsa. Pakati pa makadiwo panali Black Lotus, lokhala ndi chithunzi cha duwa chimene anajambula Christopher Rush. Mu Alpha analimo pafupifupi 1,100 okha. Khadi limeneli limapatsa wosewera mphamvu zitatu nthawi imodzi osalipira kanthu, moti pachiyambi penipeni angathe kuchita zimene mnzake akanachita atadikira maulendo angapo. Pamodzi ndi makadi asanu a Mox, komanso Ancestral Recall, Time Walk ndi Timetwister, onse asanu ndi anayi amatchedwa Power Nine. Garfield ankadziwa kuti ndi amphamvu kwambiri, koma ankaganiza kuti munthu azigula timapaketi tochepa, choncho pagulu la anzake khadi lotere lizioneka mwa apo ndi apo. Anthu anayamba kugula mabokosi athunthu. Pofika 1994 kampani inasiya kusindikiza makadi asanu ndi anayiwa.

Woyamba kugulitsa Black Lotus yosaloledwa pampikisano anali mwini wake yemwe. Mu Disembala 1993 Wizards of the Coast inatulutsa Collectors' Edition, bokosi lokhala ndi khadi lililonse la gulu loyamba lija, koma makona ake anali osongoka ndipo kumbuyo kunali mkombero wagolide, kuti lisasakanikirane ndi makadi a masiku onse. Chaka chotsatira, bungwe loyendetsa mipikisano la Duelists' Convocation, limene pambuyo pake linadziwika kuti DCI, linaika malamulo akuti khadi limodzi lisapitirire kanayi pamulu, ndipo amphamvu kwambiri likhale limodzi lokha. M'kupita kwa nthawi linakhazikikanso lamulo limene lilipo mpaka pano, lakuti pampikisano wovomerezeka ndi kampani munthu asewere ndi makadi enieni basi.

Lamulo limeneli silikanapweteka aliyense kampani ikanapitiriza kusindikizanso makadi akale. Inayesapo mu Julayi 1995 ndi gulu lotchedwa Chronicles, mmene munali makadi otchuka a m'magulu a Arabian Nights, Antiquities, Legends ndi The Dark, atawapatsa mkombero woyera. Osewera ongoyamba kumene anasangalala. Eni masitolo ndi anthu osunga makadi ngati chuma anapsa mtima, chifukwa katundu amene anamugula modula anagwa mtengo. Pofuna kuwatonthoza, mu Malichi 1996 kampani inatulutsa mndandanda wotchedwa Reserved List, lonjezo lakuti makadi olembedwa pamenepo sadzasindikizidwanso kuti aziseweredwa pampikisano. Power Nine ali pamndandandawo, pamodzi ndi makadi khumi akale a malo opatsa mitundu iwiri ya mphamvu. Mu 2010 anatsekanso kampata kamene kanatsala kosindikizira makadiwa monyezimira. Kuyambira pamenepo chiwerengero cha makadiwa chimangotsika, pamene ofuna kusewera nawo akuchulukirabe.

Zinthu ziwiri zinathandiza kuti khadi logwirizira lifike patebulo mosavuta. Choyamba ndi timatumba tapulasitiki toveka khadi lililonse, makamaka tija tosaonekera kumbuyo. Khadi likalowa m'katumba kotere, kumbuyo kwake kumafanana ndi kwa anzake onse. Chachiwiri ndi milu ya akatswiri imene kampani inkagulitsa kuyambira 1997 mpaka 2004. Inali yofanana ndendende ndi imene anasewera nayo opambana pampikisano wa dziko lonse, koma ya mkombero wagolide ndi kumbuyo kosiyana, ndipo m'bokosimo ankaikamonso makadi opanda zolemba oti munthu alembepo yekha. Achinyamata ambiri anaphunzira kusewera mwaukatswiri ndi makadi amenewa, amene sakanaloledwa nawo pakhomo la mpikisano uliwonse wovomerezeka.

Kumene nkhani inakula kwambiri ndi ku mtundu wa mpikisano wotchedwa Vintage, umene poyamba unkatchedwa Type 1. Pa mipikisano yovomerezeka, kumeneku ndi kokhako kumene Power Nine onse amaloledwa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 mtundu umenewu unali pafupi kufa ku America, chifukwa wobwera wopanda makadi aja ankadziwiratu kuti wabwera kudzaluza. Okonza mipikisano ena anasankha kutaya chivomerezo cha kampani kuti apeze anthu. Ku Waterbury, m'chigawo cha Connecticut, kunkachitika mipikisano ya The Mana Drain Open, ndipo kuyambira 2004 sitolo ya Star City Games ya ku Roanoke ku Virginia inayamba mipikisano yake ya Power Nine. Poyamba ankalola makadi ogwirizira asanu, kenaka khumi. Kwina ankati ukapitirira chiwerengerocho ulipire kangachepe pa khadi lililonse lowonjezera, ndalamayo n'kupita ku mphoto. Mphotoyo nthawi zambiri inali khadi lenileni la Power Nine. Munthu ankatha kulowa ndi Mox yolemba pamanja m'mawa, madzulo n'kutuluka ndi Mox yeniyeni m'thumba, ndipo mpikisano wotsatira ankabwera ndi khadi logwirizira limodzi locheperapo.

Si onse anagwirizana nazo. Panali ena, ngakhale pakati pa ogulitsa makadi omwe, amene ankati munthu wopanda chake pamasewera amachoka msanga, ndiponso kuti makadi ogwirizira atachuluka anthu a ku America anagulitsa Power Nine awo kwa a ku Ulaya. Ku Ulayako mipikisano ikuluikulu, monga Bazaar of Moxen ku Annecy ku France, inkachitika ndi makadi enieni okhaokha ndipo anthu ankadzaza. Mfundo imeneyi sindiipeputsa. Ndaonapo mmene munthu amasamalira mulu umene wausonkhanitsa pang'onopang'ono ndi thukuta lake. Komabe mtsutsowo unali wa nthawi imene Black Lotus inkagulidwa ndi madola mazana angapo kapena chikwi. Mitengo ya lero yafika pena.

Ine ndinaphunzira masewerawa ku Johannesburg, m'sitolo ina yogulitsa makadi ndi mabuku azithunzi, kumene anthu ankasonkhana Lachisanu madzulo. Makadi amachokera kunja ndipo mtengo wake umatsatira dola, choncho wolandira malandi kapena makwacha amaumva kuwawa kwambiri kuposa mnzake wa ku America. Lachisanulo tinkasewera ndi makadi enieni, monga lamulo linenera. Masiku ena onse, poyeserera mulu watsopano tisanataye ndalama, tinkalemba tokha. Kumeneko ndi kumene ndinaona njira zitatu zimene mwambo umenewu wasunga.

Njira yakale kwambiri ndi ya cholembera chakuda cha inki yosafufutika. Umatenga khadi lotchipa la malo, makamaka Plains chifukwa n'lowala ndipo zolemba zimaoneka bwino, n'kulembapo dzina la khadi ukufunalo, mtengo wake wa mphamvu, ndi mawu ake onse osadumpha. Waulesi amangolemba dzina, ndipo pakati pa masewera pamabuka mkangano woti khadilo limati chiyani. Njira yachiwiri inabwera ndi makina osindikizira a pakhomo. Umasindikiza chithunzi cha khadi papepala lopyapyala, kulidula ndi lumo kuti lichepe pang'ono pa mamilimita 63 m'lifupi ndi 88 m'litali, n'kulilowetsa m'katumba kutsogolo kwa khadi lina lopanda ntchito. Limaoneka bwino, koma limanenepetsa katumbako, ndipo zala za wosewera wozolowera zimamva kusiyanako posakaniza. N'chifukwa chake okonza mipikisano ambiri ankakana timapepala tolowetsa ndi tomata ndi guluu. Njira yachitatu ndi ya anthu a luso lojambula. Amatenga khadi lonyezimira, kulipukuta ndi mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo mpaka inki yonse ya pamwamba itachoka, kenaka n'kujambulapo chithunzi chawochawo. Ena amangofufuta ndi labala pamalo pa dzina ndi pa mawu. Ndinaonapo Time Walk yojambulidwa motere imene sinkafanana m'pang'ono pomwe ndi ya kufakitale, koma aliyense patebulo ankaizindikira akangoiona.

Pa njira zonsezi lamulo ndi limodzi: kumaso khadi liwerengeke mosavuta, kumbuyo lisasiyane ndi anzake. Khadi limene mwini wake angalizindikire lili chovundikira ndi khadi lobera, kaya ndi lenileni kaya ndi logwirizira. Bawo ndi bawo ngakhale maenje ake atakumbidwa pansi m'malo mwa thabwa losema, bola maenje akwane ndipo osewera agwirizane. N'chimodzimodzi pano. Chimene chimawononga masewera si pepala lotchipa ayi, koma kuti wina adziwe zimene mnzake sakudziwa.

Ngakhale pampikisano wovomerezeka khadi logwirizira lili ndi malo ake, ang'ono koma olembedwa m'malamulo. Wosewera saloledwa kudzipangira. Amene amalemba ndi woweruza wamkulu wa mpikisanowo, ndipo amatero pa zifukwa zochepa. Chakudza sichiimba ng'oma: wina akhoza kugwetsera chakumwa pa khadi la mnzake, kapena khadi lingatuluke m'paketi lili lowonongeka kale. Zikatero woweruza amatenga khadi lina, kulembapo dzina, ndipo wosewera amaliika pamulu. Lenileni lija amalisunga pambali n'kulitulutsa khadilo likafika poonekera. Mpikisano ukatha, mphamvu ya khadi logwiriziralo yatheranso pomwepo. Amene wawononga khadi lake dala kapena mosasamala salandira chithandizo chimenechi.

Chifukwa china chinaonekera kwa anthu onse mu Ogasiti 2018, pampikisano wa Pro Tour wokumbukira zaka 25 za masewerawa ku Minneapolis. Khadi lotchedwa Nexus of Fate linkangoperekedwa kwa ogula bokosi lathunthu la Core Set 2019, ndipo linalipo lonyezimira lokha. Makadi onyezimira amapindika ndi chinyezi, choncho amazindikirika pamulu. Popeza panalibe losanyezimira loti munthu agule, oweruza analembera osewera makadi ogwirizira. Oonera pa intaneti anaona akatswiri akupikisana pa ndalama zambiri ndi makadi a malo olembedwa ndi cholembera chakuda. Kampani yomweyonso inali itayamba kale kusindikiza makadi ogwirizira akeake. Mu 2011 gulu la Innistrad linabweretsa makadi a nkhope ziwiri, opanda kumbuyo kwa masiku onse, ndipo m'mapaketi munkabwera khadi la mndandanda wa maina loti munthu achonge dzina limodzi n'kuliika pamulu. Kuyambira ndi Zendikar Rising mu 2020 khadi limenelo limabwera ndi mizere yopanda kanthu yoti ulembepo wekha. Koma uyenera kukhala nalo lenileni pambali.

Chimene chinadetsa mbiri ya ntchito imeneyi ndi makadi achinyengo. Cha m'ma 2014 anayamba kuchuluka makadi osindikizidwa mwaluso kwambiri, ambiri ochokera ku China, otsanzira chilichonse mpaka kumbuyo komwe. Owagulitsa ankawatcha ogwirizira kuti azembe mlandu, koma cholinga chake chinali choti aoneke ngati enieni, ndipo ambiri anathera m'manja mwa anthu amene analipira mtengo wa enieni. Ogula anaphunzira kudziteteza. Khadi lenileni lili ndi kamzere kabuluu pakati pa mapepala ake awiri, ndipo ukaliunika ndi tochi kuwala kumadutsa mwa mtundu wakewake. Ukayang'ana ndi galasi lokulitsa zinthu pa kadontho kobiriwira ka kumbuyo, umaona timadontho tofiira tinayi tondandalikana ngati chilembo cha L. Mu 2014 momwemo kampani inayamba kumata kachidindo konyezimira m'munsi mwa makadi osowa.

Chifukwa cha chipwirikiti chimenechi, kumayambiriro kwa 2016 kunamveka mphekesera yoti masitolo olola makadi ogwirizira alangidwa. Osewera anadandaula kwambiri, ndipo mu Januwale chaka chomwecho Elaine Chase, mmodzi wa akuluakulu a kampaniyo, analemba kufotokoza maganizo awo. Anasiyanitsa zinthu ziwiri. Makadi achinyengo kampani ilimbana nawo. Makadi oyeserera, amene munthu wadzipangira osati kuti agulitse ndipo sangapusitse aliyense, kampani ilibe nawo chifukwa, ngakhale aseweredwe m'sitolo, malinga ngati si pampikisano wovomerezeka. Malire amenewa ndi omwe amisiri oona mtima ankatsatira kale asanalembedwe.

Kenaka kunabwera chaka cha 2022. Pokondwerera zaka 30 za masewerawa, Wizards of the Coast, imene kuyambira 1999 ili m'manja mwa kampani ya zidole ya Hasbro, inagulitsa 30th Anniversary Edition: timapaketi tinayi, makadi 60 osadziwika, pamtengo wa $999. Munali mwayi wopezamo Black Lotus, koma ya kumbuyo kosiyana, yosaloledwa pampikisano. Anthu anakwiya, ndipo mkwiyowo ndimaumvetsa. Kwa zaka zambiri ankauzidwa kuti khadi losaloledwa pampikisano si kanthu, koma chaka chimenecho kampani inawagulitsa khadi lotere pamtengo woposa malipiro a mwezi a anthu ochuluka. Ambiri amene kale ankanyoza makadi ogwirizira anasintha maganizo chaka chimenecho. Mitengo ya enieni nayo inali itathawa kale. Mu 2021 Black Lotus ya Alpha inagulidwa $511,100, ndipo mu 2024 ina inapita pa $3 miliyoni. Khadi lotere limatsekeredwa m'kabokosi kapulasitiki kolimba. Palibe amene adzalisakanizenso pamulu.

Pali masewera ena amene anaonetsa njira ina. Garfield yemweyo anapanganso Netrunner mu 1996. Kampani ya Fantasy Flight Games inawadzutsanso mu 2012 ndi dzina loti Android: Netrunner, koma chilolezo chake chinatha mu 2018. Osewera sanabalalike. Anapanga bungwe losafuna phindu, limene poyamba linkatchedwa NISEI ndipo tsopano ndi Null Signal Games, n'kupitiriza kupanga makadi atsopano. Munthu angagule osindikizidwa kale, kapena kutenga zithunzi pa intaneti n'kudzisindikizira kunyumba, ndipo m'mipikisano yawo makadi ogwirizira amaloledwa. Mpikisano sunachepe ulemu chifukwa cha zimenezi. Wopambana amapambanabe ndi nzeru zake.

Sindikunena kuti Magic itsatire njira imeneyo yonse. Wojambula zithunzi ayenera kulipidwa, ndipo sitolo imene imatipatsa matebulo ndi magetsi imadalira kugulitsa makadi. Amene angathe kugula khadi limene likusindikizidwabe agule kusitolo ya kwawo, chifukwa ikatsekedwa tonse tisowa posewerera. Koma makadi a pa Reserved List nkhani yake ndi ina. Kampani siipezanso kanthu akagulitsidwa, ndipo chaka chilichonse ena amanyowa, ena amasowa, ena amatsekeredwa m'mabokosi a osunga chuma.

Kwa wachinyamata amene akuyamba kupanga makadi ogwirizira ndimanena zinthu zitatu. Lemba mawu onse a khadi kuti mnzako asavutike kufunsa. Onetsetsa kuti kumbuyo ndi kunenepa kwake sikukusiyana ndi makadi ena a pamulu wako. Ndipo ika chizindikiro choonekeratu chakuti si lenileni, kuti ngakhale litadzagwera m'manja mwa munthu wina zaka zikubwerazi, asadzaligulitse kapena kuligula monyengedwa. Kwa okonza mipikisano pempho langa n'lakuti alengeze poyera tsiku lisanafike kuti alola makadi ogwirizira angati ndiponso opangidwa motani, kuti wina asabwezedwe pakhomo atayenda mtunda wautali. Malinga ngati lonjezo la 1996 lilipo, Vintage ya patebulo ili ndi njira ziwiri zokha: kukhala ya anthu ochepa olemera, kapena kulandira makadi olembedwa ndi manja a osewera. Ine ndinasankha yachiwiri, chifukwa ndikufuna kuti obwera pambuyo pathu adzadziwe mmene Time Walk imasinthira masewera pochita kusewera nayo okha.